Pulinta Ikakhala Zii: Mmene Mungamasulire Mzere wa Ntchito Zodikira pa Kompyuta

Kalata ikufunika pa tebulo la abwana 9 koloko isanakwane. Mwadina Print, pulinta ili zii. Mwadinanso, kachitatu, kachinayi, mpaka mnzanu wa desiki lina naye watumiza yake kuti aone ngati vuto ndi kompyuta yanu. Palibe pepala ngakhale limodzi lomwe latuluka.

Pempho langa loyamba kwa aliyense amene wafika pamenepa ndi limodzi: lekani kudina Print. Ntchito zonse mwatumiza zija sizinatayike. Zafola pa mzere mkati mwa kompyuta, ndipo kudina kulikonse kukungotalikitsa mzerewo.

Mukadina Print pa Windows, fayilo yanu siipita ku pulinta nthawi yomweyo. Imayamba yadzera kwa kapulogalamu kotchedwa Print Spooler, komwe kamagwira ntchito mwakachetechete kuyambira pamene mwayatsa kompyuta. Pa ntchito iliyonse, Spooler imalemba mafayilo awiri mu foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS. Ina imathera ndi .SPL, ndipo ndi imene imanyamula zoti zipulintidwe. Inayo imathera ndi .SHD, ndipo imasunga dzina la mwini ntchito, pulinta yomwe yasankhidwa ndi zina zotero. Kenako ntchitozo zimaperekedwa ku pulinta imodziimodzi, monga mmene zimakhalira kuchigayo. Amene ali kutsogolo akathira mphale yonyowa kwambiri n'kutseka sefa, onse a kumbuyo amangokhala pa matumba awo, ngakhale chimanga chawo chili chouma bwinobwino. Ntchito yathu ndi kupeza chimene chatseka, ndipo tiyambira pafupi kenako n'kumalowa mkati.

Yambani mwadzuka pampando

Pitani pomwe pali pulinta. Onani timagetsi take ndi zimene yalemba pa kasikirini kake ngati ili nako. Kagetsi kofiirira kothwanimathwanima kamatanthauza kuti pulintayo yaima yokha: mapepala atha, chitseko china sichinatsekeke, tona kapena inki yatha, kapena pepala lakanirira mkati. Nthawi ya dzinja mapepala amakoka chinyezi n'kumamatana, ndiye atulutseni mu thireyi, muwapukuse m'mbali mwake kuti alekane, muwabwezeretse osadzaza mopitirira kamzere kamene kali mkati mwa thireyimo. Pepala lokanirira likokeni ndi manja awiri pang'onopang'ono, molondola njira yomwe limadutsa. Pa pulinta ya leza samalani mbali yomwe pepala limatulukira chifukwa imatentha kwambiri.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza anthu ambiri kwathu kuno. Ife timagwiritsa ntchito pepala la A4, lomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Koma mafayilo ambiri ndi makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America lomwe ndi lalifupiko komanso lotambalala pang'ono. Pulinta ikalandira ntchito ya Letter pomwe mu thireyi muli A4, mapulinta ena amangoima n'kumadikira kuti munthu awapatse pepala lomwe apemphedwa. Pa kasikirini mudzaona mawu monga Load Letter. Dinani batani la OK kapena lopitiriza kuti itulutse pa A4 yomweyo, ndipo mukabwerera pa kompyuta musinthe kukula kwa pepala mu fayilo komanso mu Printing preferences.

Ngati zonsezi zili bwino, uzani pulinta itulutse tsamba lake lokha popanda kompyuta. Pa mapulinta okhala ndi sikirini, tsambali limapezeka pa menyu ya Reports kapena Information ndipo limatchedwa Configuration Page kapena Network Summary. Pa ena mumangogwira batani limodzi kwa masekondi angapo, ndipo kabuku ka pulintayo kamanena batani lake. Tsambali likatuluka, mwadziwa kuti makinawo ndi amoyo, vuto lili pa njira kapena pa kompyuta. Lisungeni, tilifunanso kutsogoloku. Likakana kutuluka, musataye nthawi ndi Windows. Pamenepo pafunika wokonza mapulinta.

Tsegulani mzere, muwerenge zimene walemba

Pa Windows 11 pitani ku Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners, sankhani pulinta yanu, dinani Open print queue. Pa Windows 10 ndi Settings, Devices, Printers & scanners, kenako Open queue.

Mukapeza mzere uli mbee pomwe mwatumiza ntchito kangapo, mwina mukuyang'ana pa mzere wa pulinta ina. Bwererani pa mndandanda wa mapulinta. Windows imakonda kupanga pulinta yachiwiri ya dzina lomwelo, yothera ndi Copy 1, munthu akasintha pobayira chingwe cha USB. Yakale ija imatsala ili mbuu, koma pulogalamu yanu imapitirizabe kutumiza komweko. Nthawi zinanso ntchito zimapita ku Microsoft Print to PDF kapena ku OneNote. Pa tsamba lomwelo la Printers & scanners pali posankha polembedwa Let Windows manage my default printer. Ine ndimapazimitsa pa kompyuta iliyonse ya mu ofesi, chifukwa pakakhala poyatsa Windows imangotenga pulinta yomwe mwagwiritsa ntchito komaliza n'kuiyesa yanu ya masiku onse. Mukapazimitsa, sankhani nokha pulinta yoyenera ndi Set as default.

Ngati ntchito zanu zikuoneka, werengani mawu omwe ali pansi pa Status, makamaka pa ntchito ya pamwamba penipeni. Imeneyo ndiyo yatseka sefa.

Paused ndiye yosavuta: wina anaimitsa ntchitoyo kapena pulinta yonse. Pa windo yakale ya mzere, tsegulani menyu ya Printer pamwamba, muchotse kachizindikiro pa Pause Printing. Muli pomwepo yang'ananinso Use Printer Offline. Pakakhala kachizindikiro, kachotseninso, chifukwa kamauza Windows kuti isunge ntchito zonse osatumiza. Pa Windows 11 yaposachedwa windoyi inasintha maonekedwe, ndipo zoimitsa, zopitiriza ndi zofufuta mudzazipeza pa timabatani ndi timadontho titatu tomwe tili pambali pa dzina la ntchito kapena la pulinta.

Spooling ikutanthauza kuti kompyuta ikadalembabe fayilo ya .SPL ija. Ngati ndi PDF ya masamba 200 yodzaza zithunzi, ipatseni mphindi zingapo, ndipo muziona ngati nambala ya pa Size ikukwera. Ikamakwera, zinthu zikuyenda.

Error, kapena Printing yomwe yatha mphindi khumi popanda pepala, ndiye kuti kompyuta yayesa kupereka ntchito koma yalephera. Dinani ntchitoyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Cancel. Kawirikawiri imachoka ndipo zotsatira zimayamba kutuluka. Koma nthawi zina imangosintha n'kukhala Deleting, n'kukhala choncho mpaka kalekale. Apa ndiye pofunika kulowa kwa Spooler yeniyeniyo.

Kusesa mzere wonse

Musanachite izi dziwani zinthu ziwiri. Mufunika ufulu wa administrator, ndiye kuti wa woyang'anira kompyutayo. Chachiwiri, kusesaku kumachotsa ntchito zonse za mapulinta onse omwe ali pa kompyuta imeneyo. Ngati ndi kompyuta yomwe anzanu amapulintira kudzera pa iyo, auzeni kaye kuti adzatumizenso. Mafayilo awo enieni a Word kapena PDF sakhudzidwa. Chimene chikuchoka ndi makope odikira okha.

Zimitsani pulinta. Izi zimafufuta theka la ntchito lomwe linalowa kale m'mutu mwake, lomwe likanatuluka ngati zilembo zosamveka mukadzayatsa.

Dinani Start, lembani cmd, ndipo pa Command Prompt sankhani Run as administrator. Pa windo yakuda yomwe yatsegukayo lembani mizere itatu iyi, umodziumodzi, mukudina Enter pakutha pa uliwonse:

net stop spooler

del /Q /F /S "%systemroot%\System32\spool\PRINTERS\*.*"

net start spooler

Mzere woyamba ukuimitsa Spooler kuti isiye kugwira mafayilo aja. Ikakufunsani ngati iimitsenso zina zomwe zimadalira Spooler, lembani Y. Wachiwiri ukufufuta zonse za mu foda ya PRINTERS. Wachiwiriwu ulembeni mosamala kwambiri, chilembo ndi chilembo, ndipo muuwerengenso musanadine Enter, chifukwa lamulo la del silifunsa kawiri ndipo zomwe lafufuta sizipita mu Recycle Bin. Wachitatu ukudzutsanso Spooler.

Ngati windo yakuda imakuchititsani mantha, njira ya mausi iliponso. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani services.msc, pezani Print Spooler pa mndandandawo, dinani Stop. Windoyo isiyeni chitsegukire. Tsegulani foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, vomerani ikapempha chilolezo, fufutani mafayilo onse a mkatimo. Za mkati zokha. Foda ya PRINTERS yeniyeniyo musaifufute, ndipo foda ya drivers yomwe ili pambali pake musaikhudze. Bwererani ku services.msc, dinani Start.

Fayilo ina ikakana kufufutika ponena kuti ikugwiritsidwa ntchito, tsegulani Task Manager, pitani pa Details, muyang'ane PrintIsolationHost.exe kapena printfilterpipelinesvc.exe. Ziwirizi zimathandizana ndi Spooler ndipo nthawi zina zimatsala zitakakamira fayilo. Zithetseni ndi End task, muyesenso kufufuta.

Tsopano yatsani pulinta, muidikire mpaka ikhale chete.

Musathamangire fayilo yomwe ija

Apa ndi pamene ambiri amabwerezanso vuto. Mzere wayera, iwo n'kutumizanso fayilo yomwe inatseka poyamba, n'kutsekanso. Yambani ndi tsamba loyesera. Pa Printers & scanners sankhani pulinta, tsegulani Printer properties, ndipo pa General dinani Print Test Page.

Tsamba loyesera likatuluka, njira yonse kuchokera pa Windows mpaka pa pepala ili bwino, ndipo wolakwa ndi fayilo yanu. Ngati ili pa flashi kapena mwaitsegulira mu imelo kapena pa WhatsApp, ikopereni kaye pa desktop. Ngati ndi PDF ndipo mukugwiritsa ntchito Adobe Acrobat Reader, pa windo ya Print dinani Advanced, musankhe Print As Image. Imachedwerapo, koma imalambalala zilembo ndi zithunzi zowonongeka zomwe pulinta ikulephera kumasulira. Fayilo yaikulu itumizeni m'magawo, masamba 1 mpaka 20, kenako 21 mpaka 40. Mukatero mudzapeza tsamba lenileni lomwe likuimitsa, ndipo mapulinta ang'onoang'ono okhala ndi memori yochepa amapuma bwino.

Tsamba loyesera nalonso likakanirira, kapena pulinta ikulembedwabe Offline chikhalirecho yayaka, vuto lili pa njira.

Offline pomwe pulinta yayaka

Pa pulinta ya USB, zulani chingwe mbali zonse ziwiri, mubayenso mwamphamvu. Bayani pa kompyuta penipeni, osadzera pa hub, kabokosi kochulukitsa pobayira USB, kapena pa chingwe chowonjezera. Chingwe cha USB 2.0 sichiyenera kupitirira mamita 5, ndipo zolumikizalumikiza zija zimabweretsa vuto lomwe limabwera lero, mawa n'kusowa. Yesani chingwe china ngati chilipo. Kenako mu Printer properties pitani pa Ports, mndandanda wa njira zomwe Windows imatumizira ntchito ku pulinta, muone pomwe pali kachizindikiro. Payenera kukhala pa port ya USB, monga USB001 kapena USB002, osati LPT1 kapena FILE. Ngati ma port a USB alipo angapo, yesani ina, mutumize tsamba loyesera.

Pa pulinta ya pa netiweki ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ili ndi vuto lomwe ndimakumana nalo kwambiri kumene magetsi amathimathima. Pulinta iliyonse ya pa netiweki ili ndi adiresi ya IP, monga 192.168.1.25, yomwe imapatsidwa ndi rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti mu ofesi. Adiresiyi ndi yobwereka. Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta ndi zipangizo zonse zimadzuka mosatsata ndondomeko, ndipo pulinta ikhoza kupatsidwa adiresi ina. Kompyuta yanu imapitirizabe kugogoda pa khomo lakale pomwe mwini nyumba anasamuka. Ikaona kuti palibe woyankha imalemba Offline.

Tengani tsamba lija pulinta inatulutsa yokha. Ngati ndi la dzulo, tulutsani lina. Pezani pomwe palembedwa IPv4 Address. Adiresi ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti pulinta sinalandire adiresi kwa rauta ayi, yangodzipatsa yokha. Onani chingwe cha netiweki kapena muilumikizenso ku Wi-Fi, muizimitse ndi kuiyatsa rauta itadzuka kale.

Adiresi ikakhala yabwino, pa Command Prompt lembani ipconfig kuti muone ya kompyuta yanu. M'maofesi ang'onoang'ono ambiri zigawo zitatu zoyamba zimayenera kufanana: kompyuta ikakhala 192.168.1.10, pulinta ikhale 192.168.1 ndi nambala ina kumapeto. Zikasiyana, mwina laputopu yanu ili pa hotspot ya foni yomwe munalumikiza intaneti ya mu ofesi itavuta, kapena VPN, pulogalamu yomwe imadutsitsa intaneti yanu pa netiweki ina, ndi yoyatsa. Bwererani pa netiweki ya mu ofesi.

Kenako lembani ping ndi adiresi ya pulinta, mwachitsanzo ping 192.168.1.25. Mukaona Reply from adiresi yomweyo pamodzi ndi nthawi yomwe yatenga, njira ilipo. Mutha kulembanso adiresiyo pa Chrome kapena Edge. Mapulinta ambiri a pa netiweki ali ndi tsamba lawo lomwe limaonetsa tona yotsala ndi chimene chawaimitsa.

Tsopano fananizani ndi zimene Windows ikudziwa. Printer properties, Ports, Configure Port. Adiresi yomwe ili pamenepo ikasiyana ndi ya pa pepala, mwapeza vuto. Ikonzeni pomwepo, kapena dinani Add Port, sankhani Standard TCP/IP Port, mulembe adiresi yatsopanoyo. Mapulinta ambiri amalandira ntchito pa Raw, port 9100, ndipo zimenezo musasinthe popanda chifukwa.

Pa windo yomweyo, m'munsi, pali kabokosi ka SNMP Status Enabled. Windows imagwiritsa ntchito SNMP kufunsa pulinta ngati ili bwino. Pulinta ikapanda kuyankha funso limeneli, mwina chifukwa SNMP ndi yozimitsa pa iyo, Windows imailemba Offline ngakhale ping ikudutsa bwinobwino. Chotsani kachizindikiro pa kabokosiko, dinani OK. Nthawi zambiri mzere umayamba kuyenda pomwepo.

Mukapeza kuti dzina la port likuyamba ndi WSD, batani la Configure Port silikupatsani posintha adiresi. WSD ndi njira yomwe Windows imapezera pulinta yokha pa netiweki. Ikamagwira imagwira, koma pulinta ikagona tulo tosunga magetsi kawirikawiri imasowa. Ine ndimasamutsira pulinta ya mu ofesi pa Standard TCP/IP Port. Koma kuti zimenezi zikhalitse, adiresi isamasinthenso: lowani mu rauta, pa gawo la DHCP lomwe limagawa maadiresi, musungire pulintayo adiresi yake yokhazikika pogwiritsa ntchito nambala ya MAC, chizindikiro chosasintha cha pulintayo, yomwe ili pa tsamba lomwe lija. Mukatha lembani adiresiyo pa kapepala, mumate pa pulintapo. Amene adzabwere pambuyo panu adzakuthokozani.

Pulinta ina imakhala yobayidwa pa kompyuta ya munthu mmodzi, ena onse n'kumapulintira kudzera pa iyo. Kompyuta imeneyo ikazima kapena ikagona, aliyense amaona Offline. Palinso nambala ya vuto, 0x0000011b, yomwe Windows imaonetsa ikalephera kulumikizana ndi pulinta yogawana chonchi. Nambalayi inavutitsa maofesi ambiri kuyambira mu Seputembala 2021. M'chaka chimenecho munapezeka zibowo zoopsa mu Print Spooler, chodziwika kwambiri chikutchedwa PrintNightmare, ndipo Microsoft inakhwimitsa mmene makompyuta amalankhulirana pogawana pulinta. Pa intaneti mudzapeza malangizo oti musinthe registry, nkhokwe ya matcheredwe a mkati mwa Windows, kuti nambalayo ichoke. Sindikulimbikitsa zimenezo, chifukwa n'kugumula mpanda womwe unamangidwa dala. Chitani Windows Update pa makompyuta onse awiri, chotsani pulintayo pa kompyuta yopempha, muilumikizenso muli administrator. Ngati pulintayo ili ndi pobayira chingwe cha netiweki kapena Wi-Fi, ndi bwino kungoiika pa netiweki payokha.

Spooler ikamangofa yokha

Mwaidzutsa, mphindi imodzi yaimanso, mapulinta onse asowa pa mndandanda. Mu services.msc tsegulani Print Spooler, muonetsetse kuti Startup type ili pa Automatic. Onaninso malo otsala pa C:, chifukwa disiki ikadzaza Spooler imasowa polemba mafayilo ake. Zimenezi zikakhala bwino ndipo foda ya PRINTERS mwasesa kale, wokayikitsa wamkulu ndi driver, kapulogalamu komwe kamamasulira ntchito m'chilankhulo cha pulinta yanu. Mawu oti Driver is unavailable pansi pa dzina la pulinta amaloza komweko.

Kungochotsa pulinta pa Settings sikuchotsa driver; mukailumikizanso Windows imatenganso yowonongeka yomwe ija. Chitani chonchi: zulani chingwe, chotsani pulintayo ndi Remove, kenako dinani Windows ndi R, mulembe printui /s /t2. Patseguka mndandanda wa ma driver onse. Sankhani ya pulinta yanu, dinani Remove, musankhe Remove driver and driver package. Ikanena kuti ikugwiritsidwa ntchito, imitsani Spooler ndi kuidzutsanso, muyesenso msangamsanga. Ma driver a mapulinta omwe anachoka mu ofesi zaka zapitazo achotseninso. Zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, kenako tengani driver yatsopano pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga pulintayo, kaya ndi HP, Canon, Epson, Brother kapena Kyocera, yogwirizana ndi nambala ya pulinta yanu ndi Windows yomwe muli nayo. Mawebusaiti olonjeza kukupezerani ma driver onse ndi batani limodzi apeweni; ambiri amakusiyirani zinyalala, ena mavairasi.

Amene akufuna umboni asanachotse chilichonse atsegule Event Viewer, apite ku Applications and Services Logs, Microsoft, Windows, PrintService, Admin. Kumeneko kumalembedwa ntchito zomwe zalephera pamodzi ndi dzina la driver yomwe imagwira. Mu Windows Logs, Application, mukapeza spoolsv.exe, yomwe ndi Print Spooler yeniyeniyo, yagwa, pamakhalanso dzina la fayilo yomwe yaigwetsa.

Pa Mac ndi Linux mzere umayendetsedwa ndi pulogalamu yotchedwa CUPS, koma nzeru yake ndi yomweyi. Pa Terminal, windo yolembapo malamulo yofanana ndi Command Prompt, lpstat -t imaonetsa mapulinta ndi ntchito zodikira, cancel -a imasesa mzere, ndipo cupsenable yotsatana ndi dzina la pulinta imadzutsa pulinta yomwe CUPS inaimitsa ntchito ina italephera.

Chinthu chimodzi musanakonze adiresi kapena kubwezeretsa pulinta ya anthu ambiri pa netiweki: kumbukirani kuti kompyuta iliyonse ili ndi mzere wakewake. Inu mwasesa wanu, koma anzanu aja anadina Print kasanu kasanu akadali ndi zawo zikudikira, ndipo njira ikangotseguka zonse zitulukira pamodzi. Yendani desiki ndi desiki, aliyense atsegule mzere wake achotse zobwereza. Ndipo mapepala akayamba kutuluka imani pa pulintapo mpaka athe, chifukwa pakati pa ntchito za dzulo ndi dzana pakhoza kukhala mapepala a malipiro kapena kalata ya kuchipatala ya munthu amene pano watuluka. Zimenezo zipindeni, mukampatse mwini wake m'manja.